FUNSANI AZAKHALI: Chinjira cha Lily ndi Snow Flower

Makalata ambiri a mwezi uno akukamba za filimu imodzi. Ndi yakale ndithu, inatuluka mu 2011, koma kuno ku Salima yafika kumene m'mafoni, ndipo amayi akupatsirana pamsika, kutchalitchi ndi kumadrasa komwe. Dzina lake ndi Snow Flower and the Secret Fan. Ndasankha makalata anayi. Mayina enieni ndabisa monga mwa masiku onse.

FUNSO: Azakhali, ine ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa usipa pa Chipoka. Mwana wanga wamkulu anandiikira filimu ya Chitchaina pafoni, ine n'kumayesa ndi ya nkhonya ngati zija za m'mavidiyo. Koma ayi, ndi ya atsikana awiri amene akuluakulu anawalumikiza ali aang'ono, n'kusayinirana kuti adzakhala pa ubwenzi mpaka imfa. Ankalemberana mauthenga pa chokupizira mphepo, m'zilembo zimene amuna sankazidziwa. Kodi zimenezi zinalikodi, kapena ndi nzeru za opanga mafilimu? NaPhiri, Chipoka.

YANKHO: Amayi NaPhiri, zinaliko. Atsikana awiriwo, Lily ndi Snow Flower, ndi opeka, koma mwambowo ndi weniweni, ndipo zilembozo zilipo mpaka lero.

Nkhaniyi inayamba ngati buku. Analemba ndi Lisa See, mayi wa ku America amene makolo ake akuchimuna anachokera ku China, ndipo linatuluka mu 2005. Asanalembe anapita yekha kuboma la Jiangyong, kumwera kwa chigawo cha Hunan ku China, dera lamapiri la alimi a mpunga, kukacheza ndi amayi okalamba amene ankakumbukirabe za makedzana. M'bukulo Lily anabadwa mu 1823, ndipo akusimba za moyo wake ali ndi zaka 80. Kuti muone kutalika kwake, nthawi imene Jumbe woyamba ankakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, Lily anali atangolowa kumene m'banja.

Ku Jiangyong akazi anali ndi maubale a mitundu iwiri. Wina unali wa gulu. Atsikana angapo a m'mudzi umodzi ankalumbirirana kuti ndi pachibale, ankasokera limodzi ndi kuimbira limodzi, koma akayamba kukwatiwa gululo linkabalalika. Wina ndi umene mwauonawo, wotchedwa laotong. Uwu unali wa anthu awiri okha basi, ndipo ukwati sunkauthetsa. Kawirikawiri atsikanawo ankakhala a m'midzi yosiyana. Akuluakulu ankayang'ana ngati anabadwa chaka chimodzi, ngati akulingana msinkhu ndi maonekedwe, ngakhale kukula kwa phazi. Mabanja onse awiri ankavomereza, ndipo m'nkhani ya Lily amene anayendetsa zonse ndi mayi yemwe uja amalumikiza maukwati. Anawo anali ndi zaka 7.

Mwina mukudabwa kuti anthu akuluakulu ankavutikiranji ndi ubwenzi wa tiana. Yankho lili pa mmene ukwati unalili kumeneko. Mtsikana ankatomeredwa ali mwana, mwamuna wake n'kudzamuona nkhope tsiku la ukwati. Mapeto ake ankachoka kwawo kukakhala pansi pa apongozi, kumene anali wotsika kuposa aliyense kufikira atabereka mwana wamwamuna. Ife Achewa tinakulira m'chikamwini. Mwamuna ndiye amabwera, mkazi amakhala pakati pa amayi ake, amayi ake aang'ono ndi achemwali ake, atsibweni ali khomo lachitatu. Akalira usiku, m'mawa mbumba yonse yadziwa. Amene anapita kuchitengwa kutali ndi kwawo ndiwo angamve msanga zimene mkazi wa ku Jiangyong ankakumana nazo. Iye analibe wina womuuza zakukhosi m'mudzi wonsewo, ndipo ndi mapazi amene anawamanga ali mwana mpaka kupunduka sakanatha kungonyamuka ulendo wa kwa amake. Mnzake wa laotong ndiye anali munthu mmodzi amene mwambo unkamulola kumukonda poyera, kumulembera, ndi kumuyendera pa nyengo za zikondwerero.

Zilembozo amazitcha nüshu. Atsikana sankapita kusukulu, choncho zilembo zikuluzikulu za Chitchaina, zimene munthu amafunika kuloweza zikwi zingapo kuti awerenge, zinali za amuna. Akazi a ku Jiangyong anali ndi zawo, mazana angapo chabe, chilembo chilichonse chikuimira kamvekedwe ka mawu m'chiyankhulo cha kwawoko. Ndi zowonda, zazitali, zopendekeka, zooneka ngati miyendo ya udzudzu, ndipo amalemba kuchokera pamwamba kutsika pansi. Mtsikana ankaphunzira kwa amake, agogo ake kapena mnzake, uku akusoka. Ankalemba pa zokupizira mphepo, pa mipango, pa malamba, nthawi zina ndi singano ndi ulusi. Zambiri zinali nyimbo, ndipo sankaziwerenga chamumtima ayi, ankaziimba akazi atakhala pamodzi. Chinsinsi chake sichinali cholimba ngati mmene filimu ikuonetsera. Amuna ankadziwa kuti akazi ali ndi zolemba zawo, kungoti ankaziyesa zopanda pake, osafuna n'kuphunzira komwe.

Chimene chimandikhudza ine kwambiri ndi kabuku ka tsiku lachitatu. Mtsikana akakwatiwa, patsiku lachitatu amake ndi anzake aja ankamutumizira timabuku tosokedwa ndi nsalu, momwe analembamo chisoni chawo posiyana naye ndi mafuno abwino. Masamba oyamba okha ndiwo ankalembedwa. Otsalawo ankawasiya oyera kuti mwiniwake adzalembe yekha zimene adzakumane nazo. Ndipo mayi akamwalira, zolemba zake zambiri ankaziwotcha kapena kumuika nazo m'manda kuti apite nazo. N'chifukwa chake zakale zenizeni zatsala zochepa. Zina zinawonongedwa pa chipwirikiti cha ndale cha pakati pa 1966 ndi 1976, pamene zinthu za makolo zinkaonedwa ngati zobwezera dziko m'mbuyo. Dziko lonse linayamba kumva za nüshu mphunzitsi wina, Gong Zhebing, atapita kukafufuza mu 1982. Gogo Yang Huanyi, amene anaphunzira zilembozi ali mtsikana n'kumazigwiritsa ntchito moyo wake wonse, anamwalira mu September 2004 ali ndi zaka zoposa 90. Lisa See anakumana nawo akadali moyo. Lero ku Jiangyong kuli nyumba yosungiramo zolembazi, atsikana akuphunziranso, ndipo kuyambira 2017 zilembo 396 za nüshu zinalowetsedwa m'gulu la zilembo zimene makompyuta ndi mafoni amazindikira.

Koma inu Amayi NaPhiri, zimenezi si zachilendo kwenikweni. Amayi athu ankadziwa chinjira. Mayi anga anali nacho ndi mayi wina wa kutsidya kwa Linthipe, amene sanali mbale wathu ngakhale pang'ono. Mpunga ukacha ankabwera ndi dengu pamutu, amayi n'kumubwezera mtedza ndi nkhuku. Ana ake tinkawaitana achimwene ndi achemwali, ndipo ndinakula ndithu ndisanadziwe kuti si magazi amodzi. Tsiku limene amayi anatisiya, mayi ameneyo ndiye anakhala kumutu kwa maliro usiku wonse, ndipo palibe wa pabanja anafunsa kuti wakhalapo ngati ndani. Ife sitinkasayinirana pepala. Mudzi wonse ndiwo unali mboni.

FUNSO: Azakhali, ndili Folomu 3 kuno kwa Khombedza. Pamene ankamanga mapazi a tiatsikana tija ndinatseka maso. Kodi mayi angachite bwanji zoterozo kwa mwana wobereka yekha? Nanga akuchitabe? Mtsikana wa kwa Khombedza.

YANKHO: Mwana wanga, sakuchitanso. Koma zinachitikadi, ndipo filimuyo yakuonetsa pang'ono chabe.

Mwambowu unayambira m'nyumba za mafumu cha m'zaka za m'ma 900, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka kwa alimi, ndipo unakhala zaka pafupifupi 1,000. Ankayamba mwana ali ndi zaka zapakati pa 4 ndi 9, mafupa asanakhwime. Ankapinda zala zinayi kuzilowetsa kunsi kwa phazi, chala chachikulu chokha n'kutsala, kenako n'kukulunga ndi nsalu yaitali mokoka kuti chidendene chiyandikire kuzala. Pakapita masiku ochepa ankamasula, kutsuka, n'kumanganso mothina kuposa poyamba, ndipo mwanayo ankamukakamiza kuyenda kuti mafupa athyoke. Phazi lotamandika linkakhala la masentimita pafupifupi 10. Tenga lula yako uyeze, uone kuti mayi wamkulu ankaimirira pa chiyani. Zilonda zinkaola, ena zala zinkagwa, ena ankafa kumene. M'bukulo mng'ono wake wa Lily amafa nazo.

Mayi amene ankamangayo ankaudziwa ululuwo, pakuti naye anadutsamo. Ankadziwanso kuti mtsikana wa mapazi aakulu sadzafunsiridwa ndi banja lolemekezeka, adzathera kukhala wantchito m'nyumba za eni. Lily yemweyo, mwana wa mlimi wosauka, anakwatiwa kubanja lolemera chifukwa mapazi ake anatuluka aang'ono bwino. Ndiye mayi mmodzi akanati asiye payekha, wolangika akanakhala mwana wake. Sindikuwaikira kumbuyo. Mwana wa zaka 6 kumuthyola mafupa ndi nkhanza, dziko lililonse, nthawi iliyonse. Ndikungofuna uone pamene msampha unatcheredwa, chifukwa ukaona pamenepo umvetsa mmene unaonjokera.

Lamulo lokha linalephera. Mfumu Kangxi inaletsa m'zaka za m'ma 1660, koma patangopita zaka zochepa lamulolo linachotsedwa anthu atakana kumvera. Komanso si onse a ku China ankamanga. Akazi a mtundu wa Manchu ndi a Hakka ankayenda ndi mapazi awo achibadwa. Chimene chinadzagwira ntchito ndi mabungwe amene anayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, lina la amayi achikhristu ku Xiamen mu 1874, ena a Atchaina ophunzira monga Kang Youwei. M'mabungwe ambiri olowamo ankalonjeza zinthu ziwiri: kuti sadzamanga mapazi a ana awo aakazi, komanso kuti ana awo aamuna sadzakwatira mkazi womangidwa mapazi. Lonjezo lachiwirilo ndilo linamasula amayi, chifukwa tsopano mwana wa mapazi achibadwa anali ndi komukwatira. Boma latsopano linaletsanso mu 1912, ndipo m'mizinda mwambowo unazimirira mwachangu, ngakhale kumidzi yakutali unakakamira mpaka m'zaka za m'ma 1950. Fakitale yomaliza yosoka tinsapato ta agogo amenewa, ku Harbin, inasiya mu 1999.

Usawaone Atchaina ngati anthu a mtima wina. Kuno malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, koma iwe ukuwadziwa anzako amene munayamba nawo Sitandade 1 amene lero abereka mwana kumbuyo. Amene anawaperekawo ndi makolo owakonda, oopa umphawi. Pafupi nafe pompa, ku Mtakataka, Inkosi Kachindamoto inathetsa maukwati a ana mazanamazana, ndipo njira yake inali yomweyo. Inakhazika pansi mafumu a pansi pake kuti asayinirane onse pamodzi, kuti kholo lokana kukwatitsa mwana lisakhale lokha.

FUNSO: Azakhali, ine ndi mayi a kunyumba tinaonera limodzi koma tinasokonezeka. Uku tikuona za makedzana, mwadzidzidzi nkhope zomwezo zili mumzinda wa nyumba zosanja ndi magalimoto. Kodi anthuwo anabadwanso? Mphunzitsi, Senga Bay.

YANKHO: Aphunzitsi, sanabadwenso. Wayne Wang, amene anatsogolera filimuyi, anawonjezera nkhani yachiwiri imene m'buku mulibe, ya atsikana awiri a masiku ano mumzinda wa Shanghai, Nina ndi Sophia. Li Bingbing wa ku China akusewera Lily komanso Nina. Jun Ji-hyun wa ku South Korea akusewera Snow Flower komanso Sophia. Sophia wagundidwa ndi galimoto ali panjinga ndipo ali chikomokere m'chipatala. Nina, amene anali pafupi kupita kukagwira ntchito ku New York, wapeza zimene mnzakeyo ankalemba zokhudza makolo ake akale, ndipo pamene akuwerenga ndi pamene ife tikuona za m'ma 1800. Mzungu amene akuimba mufilimuyo ndi Hugh Jackman wa ku Australia.

Ine ndinene mmene ndikuonera. Nkhani ya ku Shanghai yadya nthawi imene ikanapita kwa Lily ndi Snow Flower. Zaka zimene awiriwa ankagona pamphasa imodzi, kuphunzitsana, wina zilembo ndi ulemu wa m'nyumba zazikulu, wina kutunga madzi ndi kuphika, filimu yangozidumpha mothamanga, chonsecho ndi zimenezo zimene zimachititsa kuti kusiyana kwawo kupweteke. Ambiri olemba za mafilimu sanaiyamikire pa chifukwa chomwechi. Komabe ndi yoyenera kuonera, ndipo amene amawerenga Chingerezi akalipeza bukulo asalisiye. Za ana, ku America inaikidwa m'gulu la mafilimu amene makolo amachenjezedwa za ana osakwana zaka 13. Ang'onoang'ono agone kaye.

FUNSO: Azakhali, filimuyi yandilanda tulo. Ndili ndi mnzanga amene tinakulira limodzi ku Lifuwu. Tinkapirikitsa mbalame m'munda wa mpunga limodzi, tinavinidwa limodzi, chitenje chimodzi tinkafunda awiri. Ine ndinapitiriza sukulu, pano ndili pantchito pa boma, bambo a kunyumba nawonso ali pantchito. Iye anasiyira Sitandade 7, anakwatiwa ndi msodzi kugombe lina kunyanjaku. Mwamunayo akapha nsomba ndalama zimathera kumowa, akabwera n'kumamumenya. Mwana wawo wachiwiri anamwalira ndi malungo. Ine sindinamutaye. Ndakhala ndikumutumizira ndalama pafoni, zovala za ana, ngakhale mpamba wa geni. Ndakhala ndikumulangiza kuti achoke, kuti alere, kuti asamale ndalama, kuti alimbike kupemphera. Chaka chatha ananditumizira uthenga wakuti: "Asisi, musamavutike nane. Kuno ndapeza amayi a kubanki mkhonde amene amandilandira mmene ndililimu." Zinandiwawa koopsa. Ndinasiya kumuimbira. Pa chilangizo cha mwana wa kwathu ndinayankhula za anthu osayamika, ndipo onse anadziwa amene ndikunena, iye ali pomwepo. Kuchokera tsiku limenelo sitinayankhulane. Ndamva kuti waonda kwambiri. Azakhali, kodi ndinalakwa kumulangiza? NaBanda, Salima.

YANKHO: Amayi NaBanda, zikomo polemba mosabisa, pakuti mukanatha kusiya za pa chilangizo zija ine osadziwa. Ndiyamba ndi nkhani ya Lily monga ilili m'buku, chifukwa kumeneko yafotokozedwa mokwanira kuposa mufilimu.

Pamene ankawalumikiza, aliyense ankadziwa kuti Snow Flower ndiye wa kubanja lapamwamba, Lily ndi mwana wa mlimi. Zoona zake zinali zakuti chuma cha kwa Snow Flower chinali chitatha, bambo ake atagwa m'chizolowezi chosuta mankhwala ozunguza bongo otchedwa opium. Lily anakwatiwa kubanja la a Lu, lolemera m'dera lonselo, ndipo m'kupita kwa nthawi anakhala mayi wolemekezeka amene akazi onse ankamugwadira. Snow Flower anakwatiwa ndi wopha nkhumba, ntchito imene kumeneko inkanyozeka, kwa apongozi ankhanza. Kenako kunabwera nkhondo yapachiweniweni ya Taiping, imene inachitikadi kuyambira 1850 mpaka 1864 n'kupha anthu osachepera 20 miliyoni. Awiriwa anathawira kumapiri m'nyengo yozizira, akukwera ndi timapazi tija. Kumeneko mwana wamwamuna wa Snow Flower anamwalira, ndipo mwamuna wake, chifukwa cha chisoni ndi ukali, anamumenya mpaka pathupi panachoka. Lily anaona zonsezi ndi maso ake.

Nanga anamuuza chiyani mnzake? Anamuuza malamulo. Mvera mwamuna wako, sangalatsa apongozi, yesetsa ubereke mwana wina wamwamuna. Ankamukonda, ankamutumizira mphatso, ndipo zimene ankanenazo ndi zimene mkazi aliyense wanzeru wa nthawiyo akananena. Koma Snow Flower akabwera ndi misozi ankabwerera ndi malangizo. Tsiku lina analemba pa chokupizira chija kuti sangathe kukhala chimene Lily akufuna, asamvenso madandaulo ake, pali amayi atatu amene alonjeza kumukonda mmene alili. M'zilembo za nüshu chilembo chimodzi chimatha kuimira mawu angapo omveka mofanana, ndiye wowerenga amayenera kudekha, kuyang'ana mawu oyandikana nawo ndi kuganizira amene walembayo. Lily anawerenga ndi mtima wopweteka, n'kumva kuti mnzake walumbira ubale ndi ena, waphwanya pangano. Sanapite kukafunsa. Pa mwambo wa ukwati wa mtsikana wina anaimirira pamaso pa akazi onse n'kuulula zinsinsi zonse za Snow Flower. Panapita zaka. Amene anadzamuitana ndi mwana wamkazi wa Snow Flower, amake ali pafupi kutsirizika, ndipo amayi atatu aja ndi amene anamuuza kuti mnzakeyo sanalumbirepo nawo ubale. Iwo ankangomuthandiza. Mtima wake unali kwa Lily nthawi yonseyo.

Tsono funso lanu. Malangizo anu sanali abodza. Kulera n'kwabwino, mwamuna womenya ndi woopsa, ndalama ya geni siyenera kudyedwa. Koma taganizani mmene zinkamvekera kumbali yake. Foni ikalira, dzina lanu likaoneka, iye ankadziwa kuti pabwera mafunso: mpamba uja uli pati, kuchipatala munapita, bwanji simukuchoka. Aliyense mwa mafunso amenewo yankho lake linali lochititsa manyazi. Munthu amene munkafunda naye chitenje chimodzi anasanduka woyankha mlandu kwa inu, mwezi ndi mwezi, ndipo pamwamba pake ankayenera kuthokoza. Kulandira kokhakokha kumatopetsa, Amayi. Pa zaka zimene ndinagwira ntchito ya uzamba ndinaona amayi ambiri amene ankabisa mavuto awo kwa mbale wawo wopeza bwino kuposa kwa munthu wina aliyense, osati chifukwa chomuda, koma chifukwa pamaso pa ameneyo ndi pamene umphawi wawo unkaonekera kwambiri.

Werenganinso uthengawo. Sanalembe kuti sakukufunani. Anayamba ndi kukuitanani asisi. Anati musamavutike, kutanthauza kuti ankadziona ngati katundu pamutu panu. Ndipo mawu akuti "mmene ndililimu" akukuuzani chimene ankachisowa kwa inu: kukhala naye pansi osayamba mwamukonza. Amayi a kubanki mkhonde aja amatha kutero chifukwa nawonso amuna awo ali panyanja pomwepo, palibe wodabwa mnzake. Iwowo si adani anu. Ndi amene akhala akumutungira madzi miyezi yonse imene inu munali chete.

Pamene munalakwa zedi ndi pa chilangizo. Munatenga zimene anakuuzani chifukwa chokukhulupirirani n'kuzisandutsa chitsanzo pamaso pa anthu a kwanu, iye atakhala pomwepo, wopanda poyankhira. Chimenecho chikufunika kupepesa kopanda mawu akuti "koma nawenso". Ndipo poti munanena pagulu, amayi akuluakulu amene anamva aja muwauzenso kuti munayankhula molakwa, kuti dzina lake liyere kumene munalidetsa.

Musatumize uthenga pafoni. Nkhani yonseyi yaonongeka ndi mizere iwiri ya pafoni, musaikonzerenso pomwepo. Pitani nokha. Galimoto ya bambo isiyeni, kwerani minibasi ndi kabaza, kuti mudzi usasonkhane kudzaona bwana. Musanyamule katundu wambiri. Shuga, sopo ndi kampunga zakwana, zimene mlendo aliyense amanyamula. Mukafika khalani pamkeka, akakuphikirani nsima ya usipa idyani mpaka kukhuta, akakupatsani nsomba zouma zoti mupite nazo landirani ndi manja awiri, osatulutsa kachikwama. Mulekeni akhale wopatsa tsiku limenelo. Mwina sakulandirani bwino ulendo woyamba. Ali ndi chifukwa. Mudzapitenso.

Pali zinthu ziwiri zimene simuyenera kuzisiya, ngakhale ndakuuzani kuti muchepetse malangizo. Choyamba ndi kumenyedwako. Muuzeni kamodzi, momveka, muli awiri, kuti khomo lanu ndi lotsegula usana ndi usiku kwa iye ndi ana, ndipo tsiku limene adzafune kupita kwa ankhoswe, kwa amfumu kapena ku Victim Support Unit kupolisi, inu mudzamuperekeza. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limalola khoti kupereka chiletso choteteza munthu amene akuzunzidwa. Adziwe kuti njirayo ilipo. Tsiku lonyamuka asankha yekha, chifukwa ndi iye akudziwa nthawi imene kuchoka kuli kotetezeka. Mukaona kuti moyo wake kapena wa ana uli pangozi, pamenepo musadikire.

Chachiwiri ndi kuondako, ndipo ichi ndicho chikundithamangitsa mtima. Kuonda kungachokere ku njala ndi maganizo, kungakhalenso chifuwa chachikulu, HIV, shuga kapena khansa ya khomo la chiberekero, imene ikupha amayi ambiri m'Malawi muno kuposa khansa ina iliyonse. Zonsezi amayeza ulere m'zipatala za boma, ndipo zikapezeka msanga thandizo lilipo. Musamuuze kuti "pita kuchipatala", wamva kale mawu amenewo kwa inu. Muuzeni kuti inunso nthawi yanu yoyezetsa khomo la chiberekero yakwana ndipo simukufuna kupita nokha, ndipo zikhale zoona, mukayezetsedi. Mukakhale pa benchi limodzi.

Musadikire malipiro a mwezi kapena tchuthi. Loweruka likubwerali nyamukani m'mawa. Mukabwerako mundilembere, ndikufuna kudziwa kuti mnzanuyo ali bwanji.